Ng'ombe Ziwiri za Atate

Kwathu ndi ku Katete. Tsiku limene gulu lathu la acinyamata linakaona njobvu ku South Luangwa, mtima wanga unakhazikika pa digiri ya kasamalidwe ka nyama zakuthengo ku Copperbelt University, ku Kitwe.

Nditatsiriza Giredi 12, atate sanakane. Anangoti, "Mwana wanga, ng'ombe zatsala ziwiri, ndipo ndi zolimira."

Anzanga, sindibisa, ndinalira usiku umenewo. M'mawa tinawerengera zonse: fizi, pogona, cakudya ndi basi. Ku koleji ya NRDC ku Lusaka dipuloma ndi zaka 3, ndipo atate aakazi akhala ku Chelstone, pafupi ndithu. Ndinasankha maphunziro a zansomba kumeneko.

Njobvu ndikali kuzilota, koma ng'ombe zija zalimanso caka cino.