Masekondi khumi a bambo

Anzanga, tsegulani alubamu ya kwanu muone amene akusowamo. Kwathu ndi bambo. Ndiwo ankajambula ndi Minolta SR-T 101 yawo, ndipo self-timer, kandodo kochedwetsa kujambula kaja, kanauma kalekale. Ndiye akanaima nafe bwanji?

Mwezi watha ndinaitsegula kamerayo. Kachipangizoka sikayendera batire ayi, ndi sipuling'i ndi timagiya ngati ta wotchi. Girisi wakale anali atauma gwa. Mukakakamiza, mumathyola mano a timagiyato. Ndinadonthezera mafuta a laita, n'kumagwedeza pang'onopang'ono mpaka kanalira kuti zzzz.

Kamangokupatsani masekondi khumi basi. Bambo pano amayendera ndodo, sangakwanitse. Ndinawakhazika pakhonde, wothamanga n'kukhala ine.