Mphutsi M'mphuno mwa Ambuya

Ambuya atadwala sitroko, tinawagoneka m'cipinda cakumbuyo kunyumba kwathu ku Kanyama. Tinalipo adzukulu anayi, aliyense na zocita zake. M'mawa tinali kuwamwetsa phala, kuwasintha zovala, basi n'kuthamangira minibasi. Tinali kudziona kuti tikuwasamala bwino.

Mvula itayamba, anayamba kudandaula mutu. Mawu sanali kutuluka bwino, koma anali kuloza mphuno, kunena kuti muli cinthu cikuyenda. Ise tinati ni cimfine cabe. Kafungo koipa tinakamva, tinangotsegula windo. Tsiku lacitatu anayetsemula, ndipo pa citenje panagwa mphutsi ziwiri zoyera, zamoyo, pamodzi na magazi.

Aneba anabwera msanga. Ena anati ni ufiti, ena anati tithiremo palafini. Amayi anakana zonsezo, tinapita nawo kucipatala. Adokotala anazicotsa imodzi-imodzi na kacitsulo kopanira, mawa lake anacotsanso zina zimene zinabisala mkati.

Anatifotokozera kuti m'mphuno mukakhala cilonda kapena mamina onunkha, nchenche imakopeka n'kuikiramo mazira munthu ali gone. Mazirawo amaswa tsiku limodzi lisanathe. Mphutsi za nchenche zina, monga zija zimavutitsa ng'ombe pa zilonda, zimadya mnofu wamoyo. Zimaboola n'kulowa m'mphako za mafupa a kumaso, ndipo zikacedwa kucotsedwa zingafike kudiso kapena ku ubongo. Amene amagwidwa kwambiri ni okalamba, odwala ogona pansi, na aliyense amene sangadziingire yekha nchenche.

Apo m'pamene manyazi anatigwira. Tonse tinakula tikudziwa kuti zovala zoyanika panja tiyenera kuzisita, kuopa mphutsi zolowa pakhungu. Malaya athu anali ositasita. Koma neti ya ambuya tinali kuitsitsa usiku cabe cifukwa ca udzudzu, kuiwala kuti nchenche zimayenda masana, nthawi imene nyumba yonse inali yopanda munthu.

Ambuya anacira, ngakhale kuti fungo la ndiwo salimvanso bwino. Manje timasinthana. Wotsala panyumba amawapukuta mphuno na kansalu koviika m'madzi ofunda, amatsitsa neti akagona masana, amataya zinyalala kutali na windo. Ndipo akaloza penapake pathupi, timaika foni pansi n'kufunsa kuti, "Ambuya, n'ciani cikuwawa?" mpaka titamva.