Uta wa atsibweni anga

Akonzi,

Mundilole ndiyankhuleko pa nkhani ya ulenje, poti masiku ano aliyense akuikambapo kupatula ife amene tidagwirapo uta. Ndimakhala kwa Chamama, kum'mawa kwa boma la Kasungu, ndipo ndine mlimi wa fodya monga anzanga ambiri kuno. Koma ndisanadziwe kusoka fodya ndidayamba ndadziwa kukoka nsinga.

Uta umene uli kudenga m'nyumba mwanga udali wa atsibweni anga, alongo awo a mayi. Adandipatsa m'zaka za m'ma 1970, nditatha nyengo ziwiri ndikuwanyamulira phodo popanda kundilola kuponya muvi ngakhale umodzi. Ntchito yanga idali kuyenda pambuyo pawo, kuponda pamene aponda ndi kutseka pakamwa. Ndikatsokomola, ulendo unkathera pomwepo. Sankandikalipira ayi. Ankangotembenuka n'kuyamba kubwerera kumudzi, ine n'kumawatsata ndi manyazi.

Choyamba chimene adandiphunzitsa ndi mphepo. Ankayenda ndi kathumba ka phulusa m'chiuno, ndipo tikamayandikira dambo ankatsina pang'ono n'kuliwaza kuti aone kumene likulowera. "Mphwanga," ankatero, "nyama ikakuona imayamba yadabwa, koma ikakununkhiza siifunsa." Tinkazungulira mtunda wautali kuti mphepo izitiwomba kumaso. Nthawi yabwino idali kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, tchire litapsa, msipu utayamba kuphuka palupsa. Pamenepo insa ndi mbawala zinkatuluka m'mawa kwambiri kapena dzuwa likamapendeka. Masuku akayamba kugwa tinkabisala pafupi ndi mitengoyo, chifukwa anyani akamagwetsa zipatso, insa imabwera kudzatola pansi. Atsibweniwo ankadziwanso kulira ngati kamwana ka insa atatsina mphuno, ndipo kangapo ndidaona nyama ikubwera yokha, makutu ali tcheru.

Uta si mfuti. Muvi wathu wa bango, wa nthenga za nkhanga ndi chitsulo chosulidwa pachipala, umafuna kuti ufike pafupi, mapazi 20 kapena kucheperapo. Kuti munthu afike pamenepo amakwawa ola lathunthu, nyerere zikumuluma, mwendo utachita dzanzi, osaugwedeza. Ukafika umalunjika kuseri kwa phewa, pamene pali mapapo ndi mtima. Ukaponya, ntchito ndiye yayamba kumene. Umapita pamene nyama idaima n'kuwerenga magazi. Ofiira owala, a thovu, ndiye kuti walasa mapapo ndipo nyamayo siili patali. Akuda osakanikirana ndi udzu wobzikula, walasa m'mimba. Zikatero suithamangira. Umakhala pansi n'kudikira kuti ikagone, chifukwa ukaidzidzimutsa ithawa mpaka kumene sungaipeze, n'kukafa imfa yowawa popanda woidya. Lamulo la atsibweni lidali limodzi lokha: nyama imene wailasa ndi ngongole yako, sugona kunyumba usanaipeze.

Iwo sankapaka ulembe kumivi yawo, ankati ulembe umachititsa mlenje ulesi wolunjika. Koma alenje a kuchigwa cha Shire ankapaka wochokera ku mbewu za kombe, ndipo John Kirk, amene ankayenda ndi David Livingstone, adauona kumeneko. Pambuyo pake azungu adapanga mankhwala a mtima kuchokera ku chomera chomwecho, ndipo dzina lakuti kombe lidakhalabe m'mabuku awo mpaka lero. Ndimazitchula izi kwa amene amaganiza kuti makolo athu ankangoponya mwachimbulimbuli.

Padalinso uzimba, pamene mudzi wonse unkatuluka ndi agalu, nthungo ndi zibonga. Woyamba kulasa ndiye adali mwini nyama, womaliza ankapatsidwa gawo lake, ndipo amfumu sankaiwalidwa. Kunkakhala phokoso ndi chisangalalo, koma ine mtima wanga udali pa ulenje wa anthu awiri, wachete uja.

Tsopano ndinene chimene anzanga ena sakondwa ndikachinena. Timakonda kudandaula kuti boma lidatilanda ulenje. Zoona zake n'zakuti nyama za kunja kwa nkhalango yotetezedwa tidazimaliza tokha. Minda ikuluikulu ya fodya itatsegulidwa m'nthawi ya Kamuzu, mitengo ya mombo, tsamba ndi msuku idagwa tikuona. Ina idapita kumabani otenthera fodya, ina tidamangira zigafa, ndipo chigafa chimafuna mitengo yatsopano pakangopita zaka zochepa. Kudabwera matenanti ochokera m'maboma akutali, onse ofuna nkhuni ndi ndiwo. Malamulo atasintha kuti alimi ang'onoang'ono nafenso tizilima bale, ine ndidali m'gulu la oyamba kunola nkhwangwa. Dambo limene ndidaphapo insa yanga yoyamba lero ndi nazale za fodya, ndipo imodzi mwa nazalezo ndi yanga. Pofika m'ma 1990 zimene zidatsala kuno ndi akalulu, nkhwali, ntchenzi ndi mbewa. Uta ndidaupachika.

Ndidautsitsanso mu Febuluwale 2002. Amene mudali ku Kasungu chaka chimenecho simufuna kukumbutsidwa. Anthu adadya gaga, ena zitsa za nthochi, ena mizu yosadziwika, ndipo maliro ankachitika anthu ochepa okha ataperekeza chifukwa ambiri adalibe mphamvu zoyendera. M'nyumba mwanga mudali ana asanu. Wamng'ono adali atayamba kutupa mapazi. Usiku wina ndidamanga nsinga yatsopano, n'kulowera kum'mawa, kunkhalango ya Nkhotakota imene imachita malire ndi dera lathu lino. Ndinkadziwa kuti ndi mlandu. Ndidapitabe.

Febuluwale si mwezi wa uta. Udzu umakhala wautali kuposa munthu, nthaka ndi yonyowa, ndipo nyama siziyenda mtunda kufuna madzi chifukwa ali ponseponse. Tsiku loyamba sindidaone kanthu. Ndidagona pansi pa thanthwe, osakoleza moto poopa kuoneka. M'mawa mwake, m'mphepete mwa kamtsinje, ndidaona mbawala yaimuna ikudya masamba. Idali patali, mwina mapazi 40. Ndinkadziwa bwinobwino kuti ndiyenera kukwawa, kudikira, kapena kuileka. Koma manja ankanjenjemera ndi njala ndipo m'mutu mudali mapazi a mwana aja. Ndidaponya.

Muvi udalowa chakumbuyo. Mbawala idauwa ngati galu n'kulowa m'zitsamba. Nditafika pamalopo ndidapeza zimene ndinkaopa: magazi akuda ndi udzu. Ndidakhala pansi kudikira monga adandiphunzitsira, koma kusanathe ola mvula idayamba, yamphamvu, ndipo idatsuka dontho lililonse. Ndidayenda chozungulira tsiku lonse, ndikuyang'ana udzu wothyoka ndi mapazi m'matope. Ndidagonanso konko. Tsiku lachitatu ndidasakabe mpaka dzuwa lili paliwombo. Sindidaipeze. Mbawala imeneyo idakafera kwina, muvi wanga uli m'mimba, ndipo ngati afisi adaidya ndiye okhawo amene adapindula nayo.

Pobwerera ndidadzera njira ina, ndipo ndidakumana ndi chimene sindidachiiwale. Pakanjira ka nyama kopita kumadzi padali makhwekhwe a waya otchera mondondozana. Ndidawawerenga, adali 11. Pa limodzi padali njiri yowola kale, mphutsi zili nyakanyaka, mwini msampha sadabwere n'komwe kudzaona. Pa lina padali mwendo wokha. Waya sasankha. Amagwira yaikazi ya bere, kamwana, ngakhale chitamba cha njovu, ndipo amagwira mwini wake ali mtulo kunyumba. Mlenje wa uta amapha nyama imodzi imene waiyang'ana m'maso. Wa waya amapha zisanu n'kudya imodzi. Kamangidwe ka mfundo zija ndidakazindikira, kadali ka munthu wa m'mudzi mwathu momwe, ndipo sindidamutchulepo kwa wina aliyense.

Pa khwekhwe lomaliza padali insa yamoyo, waya atailowa m'chiuno, itatopa kuphupha. Ndidaima nthawi yaitali. Ndikadakonda kukuuzani kuti ndidaimasula. Ndidaimaliza ndi mpeni, n'kuinyamula paphewa usiku wonse mpaka kumudzi. Ana anga adamwa msuzi masiku anayi, ndipo wamng'ono uja lero ndi bambo wa ana atatu. Choncho ndikamanyoza waya, dziwani kuti akunyoza ndi munthu amene banja lake lidapulumukira pa waya wa mnzake, uta wake utalephera. N'chifukwa chake sindithamangira kutcha munthu aliyense wogwidwa m'nkhalango kuti ndi chigawenga. Komanso sindivomera akamati onse ndi anjala. Amene amatchera mawaya 50 n'kumagulitsa nyama yowamba pamsika mobisa, chaka cha zokolola zambiri, ameneyo ndi wamalonda.

Zinthu zidasintha mu 2015 pamene bungwe la African Parks lidayamba kuyang'anira nkhalango ya Nkhotakota mogwirizana ndi boma. Njovu zimene kale zidali zoposa 1,500 zidali zitatsala zosakwana 100. Mu 2016 ndi 2017 adabweretsa njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete, pamodzi ndi nyama zina zambiri, ndipo adamanga mpanda wa magetsi. Mu 2017 lamulo loteteza nyama zakutchire lidakhwimitsidwa, moti pa nyama zina munthu atha kukhala m'ndende zaka 30. Ambiri kuno adang'ung'udza, nanenso ndidang'ung'udza. Koma ndikakumbukira kanjira kaja ka makhwekhwe 11, ndimadziwa kuti popanda mpandawo mdzukulu wanga akadamva za mbawala m'nthano basi. Chimene ndikupempha n'chakuti amene timakhala m'mphepete tizimvedwa msanga nguluwe kapena njovu zikalowa m'munda, chifukwa munthu amene chimanga chake chatha usiku umodzi samva ulaliki wa zachilengedwe. Ndipo akuluakulu oyang'anira nkhalango akamafuna anthu odziwa kutsata mapazi, adzafunseko m'midzi muno. Nzeru zimenezi zikupita kumanda ndi eni ake.

Mdzukulu wangayo ali ndi zaka 13. Mwezi wathawu adandionetsa pafoni ya bambo ake kanema wa alenje a ku America. Mauta awo ali ndi timawilo kumapeto, ndipo amagula chiphaso kuboma, n'kupatsidwa nyengo yake yosakira ndi chiwerengero cha nyama zimene angaphe. Ndidaseka nditaona zovala zawo zamawangamawanga, koma nditaona mmodzi akuwaza kaufa m'mwamba kuti aone mphepo, kenako n'kugwada kuyang'ana magazi patsamba, ndidasiya kuseka. Ndidamuuza mnyamatayo kuti abwezere pamenepo kawiri.

Tsiku lomwelo adandipempha kuti nditsitse uta. Ndidakana masiku atatu, lachinayi ndidautsitsa. Nsinga idali itadyedwa, tidapota ina. Tidaimika thunthu la nthochi kuseri kwa chigafa, ndidayesa mapazi 20 n'kulemba mzere pansi. Amayi ake adatulukira pakhomo n'kunena kuti, "Bambo, musandiphunzitsire mwana zokamangitsa." Ndidawayankha kuti ndamva, ndipo ndidamvadi, chifukwa funso limenelo ndi limene linkandisowetsa tulo masiku atatu aja. Ndikumuphunzitsa chinthu chimene alibe kokachigwiritsa ntchito, pokhapokha atadumpha mpanda umene ine ndikumuletsa.

Panopa akulasa thunthu lija kanayi pa mivi 10. Loweruka lapitali ndidamutenga m'bandakucha kupita kudambo, uta titausiya kunyumba, iye atanyamula kathumba ka phulusa. Tidapeza mapazi a ntchenzi ndi pamene kalulu adagona. Adakwawa bwino ndithu mpaka kufika pafupi ndi nkhwali ziwiri, kenako adayetsemula. Ndidatembenuka n'kuyamba kubwerera kumudzi. Ndidamumva akunditsata pambuyo, ndipo titafika pamsewu adafunsa kuti, "Agogo, mawa tibwerenso?"

Mlimi wa kwa Chamama,
Kasungu