Buku la Tsamba Limodzi

M'mwezi wa Julaye, mphepo ya ku Viphya ikuluma, tinaitanidwa kukadzoza Mafuta Oyera bambo wina kumudzi wa kufupi ndi Jenda. Anali wa zaka 46. Anagwira ntchito ku Joni zaka zambiri, nabwerako ndi katundu, namanga nyumba ya malata. Tsiku lina m'maŵa, akumangirira ng'ombe ku ngolo, anangogwa, mbali imodzi ya thupi nkufa. Kuchipatala anati magazi ake akhala akuthamanga kwa nthaŵi yaitali, mwiniwake osadziŵa.

Mapemphero atatha, mayi wa pakhomopo, pofuna kutionetsa dzina la mankhwala, anatulutsa m'sutikesi mabuku a kuchipatala okulungidwa m'pulasitiki. Lawo linali lokutha ndi kugwiragwira. A ana anayi anali odzaza, katemera aliyense pa tsiku lake. La bambo linali latsopano, lolembedwa tsamba limodzi lokha.

Tsamba limenelo linatisautsa njira yonse yobwerera ku Mzimba.

Amayi a kuno ayenera ulemu. Amapita kusikelo ali ndi pakati, nabwereranso mwezi ndi mwezi mwana ali kumbuyo, ena ku Katete, ena ku Embangweni, ena pansi pa mtengo pamene mlangizi wa zaumoyo wapachika sikelo yake. Miyendo yawo ndiyo yachepetsa maliro a chikuku ndi kafumbata m'midzi yathu. Agogo athu akukumbukabe nthomba, imene inalengezedwa mu 1980 kuti yatha pa dziko lonse. Inatha ndi katemera, pakuti mankhwala oichiza panalibe. Ndipo mu 2019 boma linayamba kupereka kwa atsikana a zaka 9 katemera woteteza khansa ya khomo la chiberekero, nthenda imene yasiya ana amasiye ambiri m'Malaŵi muno.

Koma nanga mwana wamwamuna? Akangokwana zaka zisanu nasiya sikelo, chipatala sichimuonanso. Amaŵeta ng'ombe, amakula, amakwatira, amakwera basi ya ku Joni, kumene ambiri a abale athu, poopa kufunsidwa mapepala, sayandikira nkomwe khomo la chipatala. Tinamphunzitsa tokha kuti mwamuna salira, ndipo iye anamva kuti mwamuna sapimitsa. Tsono kuthamanga kwa magazi ndi shuga sizipweteka poyamba. Munthu wodikira ululu amadikira mpaka tsiku la ngolo lija. Akagwa, amene amavutika si banja lake lokha: mudzi umayamba kunong'ona za gogo wina wosalakwa, kuti ndiye waponya nyundo.

Chonsecho kupima magazi sikutenga mphindi zisanu, ndipo pa chipatala cha boma salipiritsa.

Lamulungu lotsatira, Misa itatha, tinapempha abambo amene anapimitsapo chaka chimenecho kuti akweze mkono. Anayang'anana, ena naseka. Katekisti wathu, munthu wachikulire wosaopa kunena, anaimirira nati: "Nanga inu, Bambo, munapimitsa liti?" Tinasoŵa poyankha. Njinga yamoto ya parishi timaisinthira oyilo pa tsiku lake, osaphonya.

Lolemba m'maŵa tinakakhala pa benchi la chipatala, pakati pa amayi aŵiri obereka ana. Namwino anatimanga lamba pa mkono, naŵerenga, namanganso kachiŵiri. Kenaka anatifunsa ngati timaonjezera mchere ku ndiwo zili kale pa mbale, ndipo anatiuza tsiku lobweranso.