Mvula ya mipando ku Hillbrow

Kwathu ku Mangochi chaka timachitsanzika ndi phokoso la zitini. Ikakwana 12 koloko usiku wa pa 31 Disembala, ana amaguguda zidebe ndi mapoto, koma kukacha poto aliyense amabwerera pamafuwa kukaphika phala.

Tinapita ku Johannesburg tikudziwa mwambo wokhawo. Panalibe wotichenjeza kuti ku Hillbrow, m'nyumba zosanja zija, ena chaka amachitsanzika poponya katundu wakale pawindo: mipando, mabedi, mawailesi a kanema, ngakhale mafiriji. Akuti zakale zichoke kuti zatsopano zipeze malo. Apolisi sagona usiku umenewu, pakuti pansi pamadutsa anthu.

Ife tinabisala pakhonde la sitolo, mitima ikugunda. Komatu chimene chinatiwawa si mantha ayi. Tinali titasunga ndalama kwa miyezi 8 kuti tigule firiji yotumiza kwa amayi, azigulitsa madzi ozizira pamsika. Ndiye tikuona ndi maso athu, firiji inatera pa phula, phwaa! Chitseko uko, mawaya uko.

Mnzathu wina anaiyang'anitsitsa nthawi yaitali, kenaka anafunsa chapansipansi ngati injini yake ingakonzeke.