Bokosi likhale chete, sipika iyimbe

Ndimakhoma mabokosi a masipika pa Njewa, m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji. Ondipatsa ntchito ndi akuluakulu a mipingo, eni mavidiyo ndi anyamata oyimbitsa m'maukwati ndi m'zinkhoswe, ena ochokera ku Mpingu, ku Nsaru mpaka ku Kabudula. Dandaulo lawo limakhala limodzi: "Amisiri, bezi ikulira ngati chitini." Ambiri amabwera atatsimikiza kale zogula ampulifaya yaikulu. Ine ndimayamba ndagwira bokosilo nyimbo ili mkati. Dzanja likachita dzanzi, nthenda ndaipeza.

Chipepala cha sipika chikamakankha mpweya kutsogolo, bokosi limakankhidwira kumbuyo. Pa bezi yakuya ngati ya Black Missionaries, chipepalacho chimapita ndi kubwerera maulendo oposa 40 pa sekondi imodzi. Bokosi likakhala lopepuka, matabwa ake amanjenjemera n'kuyamba kuyimba yawoyawo, ndipo mawu a woyimba amamira m'phokosomo. Kukweza voliyumu kumangokulitsa vutolo.

Agogo anga ankaomba ng'oma kudambwe. Ndinkawaona akumata phula pakati pa chikopa, mawu a ng'oma n'kutsika, n'kukhala ogunda bwino. Iwo ankalemeretsa chimene chikulira kuti chilire mokoma, pomwe ine ndimalemeretsa chimene sichiyenera kulira kuti chikhale duu.

Ndimagwiritsa ntchito pulayiwudi ya mamilimita 18, yonga imene a Raiply amapanga ku Chikangawa. Polumikiza ndimapaka guluu n'kumanga ndi masikuluwu, chifukwa misomali imakhwefuka pakapita miyezi. Mkati ndimapingasa timitengo togwira mbali ziwiri zoyang'anizana, kenako ndimayala bulangete lakale m'makoma. Pansi ndimasiya kachipinda kothiramo mchenga wa kumtsinje, wosefa ndi wouma gwa, pakuti wonyowa umaoletsa thabwa. Mchenga umaposa mwala chifukwa timiyala take timakhulana tokhatokha, kunjenjemera n'kuthera momwemo. Ku miyendo ndimakhomera zidutswa za tayala kuti bezi isalowe m'thabwa la pasiteji n'kukwera ndi sitandi ya maikolofoni.

Makina a CD amene amadumpha nyimbo ikafika pokoma ndimawakhazika pathabwa, pansi pa thabwalo nditaika chubu cha njinga chopopa pang'ono chabe. Pamwamba pa makinawo ndimasanjika kathumba ka mchenga. Ampulifaya yokha sindiisanjika kanthu pa mabowo ake opumira, ingapse.

Ndinalakwitsapo ndili wongoyamba kumene. Ndinadzaza siponji ya matiresi m'bokosi la mpingo wina mpaka kutseka bowo lotulukira mpweya. Lamlungu kwaya inayimba, koma bezi inali itafa. Ndinaphwasula bokosilo osalipiritsa, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndimaika pang'onopang'ono, khutu lili tcheru. Nthawi zinanso wolakwa sakhala bokosi: lata lokhwefuka padenga kapena galasi la zenera ndi limene limachita gwedegwede, ndipo kachidutswa ka chubu kamathetsa mlanduwo.

Ndisanapereke bokosi kwa mwiniwake, ndimaika kapu ya madzi pamwamba pake n'kukweza nyimbo. Madziwo akangochita timizere tochepa, kapu osasuntha, ndimauza mwiniwakeyo kuti aitane wa kabaza, ndipo ndimamuchenjeza kuti katunduyo ndi wolemera.