Mtengo wa Azakhali

Patchuthi chapitachi ndinakhala masabata atatu kwa azakhali ku Tsabango, ku Area 23, komwe msuweni wanga amajambula nyimbo za anyamata am'deralo. M'kompyuta yake muli pulogalamu ya Pure Data, imene Miller Puckette anaitulutsa mu 1996. Poitsekula umapeza tsamba loyera basi. Umaika timabokosi n'kutilumikiza ndi tizingwe, monga ankachitira Robert Moog ndi mawaya enieni mu 1964. Kabokosi kena kamatulutsa liwu, kena kamalisefa, kena kamalamula kutalika kwake. Ukatilumikiza bwino, wamanga chida chakochako.

Msuweni ankafuna zida zoimbira. Ine ndinkafuna kuti kompyuta ilankhule Chichewa, chifukwa mayeso a fonoloje ndinakhoza mongoloweza ndipo mtima unkanditsutsa.

Mavawelo sanavute. Ndinatenga liwu lolira ngati njuchi n'kulidutsitsa m'masefa awiri. Masefawo akakhala pafupi ndi mahetsi 800 ndi 1200 pankamveka "a". Pa 300 ndi 2300 pankamveka "i". Usiku umenewo ndinaseka ndekha ngati wamisala. Makonsonanti ndiwo anandidyera sabata yathunthu, kuphatikizapo madzulo ena amene magetsi anathima ndisanasunge kanthu.

Chida chitatha kunena "mtengo", ndinaitana azakhali, amene amagulitsa tomato.

"Azakhali, tamverani ichi."

"Chikuti chiyani? Chikumveka ngati mbuzi yachimfine."

Zinandiwawa, koma sananame. Maphatikizo onse atatu ndinawapatsa utali wofanana, chonsecho mawu akakhala kumapeto kwa chiganizo, Mchewa amakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Zimenezi zili m'buku la Laura Downing ndi Al Mtenje la 2017, ndipo ndinaziwerengapo kawiri konse. Ndinamanga kabokosi kotalikitsa "te". Azakhali anatchera khutu.

"Mtengo wa chiyani? Wa tomato?"

Ine ndinkanena wamango uli pabwalo pawo. Pamenepo ndinazindikira kuti chida changa chinalibe kukweza ndi kutsitsa liwu. Chinkalankhula motsika kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo wotero ndi mtengo wa pamsika. Ndinawonjezera kachingwe kamodzi kokweza liwu pa "te" n'kulitsitsa pang'onopang'ono.

"Eya, tsopano ukunena wamangowo," anatero azakhali, n'kubwerera kukhitchini.

Msuweni wauika kale mtengowo m'nyimbo yake yatsopano. Anasankha wa tomato.